Nsalu ya Kuseri kwa Guwa

Amayi anali ataitulutsa kale nsalu ija m'tchalitchi pamene a Petulo, osunga makiyi, ankatsika panjinga. Inali italendewera pachingwe pakati pa mitengo iwiri ya mango. Mayi Elinata, mkulu wa amayi pa tchalitchi cha ku Zingalume, anali atagwira ndodo.

"Musaikunthe," anatero a Petulo.

"Mwadzuka bwanji kaye, bambo. Kapena moni wadula masiku ano?"

Amayi anaseka. A Petulo sanaseke.

Nsaluyo inali yakale kuposa onse amene anali pamenepo. Ansembe oyamba ndiwo anabwera nayo, yokhuthala, yosagwira moto, kuti izikhala kuseri kwa makandulo. Anajambulapo ndi penti Maria atabereka mwana kumbuyo. Chaka chilichonse, Pasaka isanafike, amayi ankaikuntha fumbi.

"Mayi wa ku nyumba yosungira zakale uja waimba foni," anatero a Petulo. "Kachidutswa anatenga kaja anakapima. Muli asibesitosi."

"Wa padenga uja?"

"Yemweyo. Anamulukira mu ulusi. Mukakuntha, timaulusi timauluka. Tikalowa m'mapapo sitituluka."

"Ife takuntha zaka makumi atatu. Tafa?"

"Amapha mochedwa."

"Mlendo wa tsiku limodzi atiphunzitse nsalu yathu?"

"Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa."

"Mawa ndi Lamulungu la Kanjedza, bambo. Anthu apemphere akuyang'ana khoma?" Mayi Elinata anakweza ndodo. "Patukani."

A Petulo anavula chipewa nakaima patsogolo pa nsalu.

"Yambani ndi ine."

Madalitso, mpongozi wa mayi Elinata, anali ataima chapafupi, khanda lili kumbuyo. Kamphepo kanagwedeza nsalu. Pamene panali pong'ambika panatuluka kafumbi koyera, kakuoneka bwino padzuwa, kakupita kumene kunali khandalo.

Mayi Elinata anakayang'ana kafumbi kaja. Ndodo inatsika pang'onopang'ono.

"Madalitso, choka ndi mwanayo. Pita kuseri kwa sukulu uko. Thamanga!" Kenaka anatembenuka. "Ndiye anati titani? Tiitenthe?"

"Siipsa. Ndipo akuti ina yotere kulibe. Tiisunge mpaka abwere akatswiri."

A Petulo anamasula katundu panjinga: pepala lalikulu la pulasitiki, paipi, tepi, ndi zotchinga kukamwa ziwiri zolimba zimene mayi uja anasiya.

"Awiri okha. Ena atalikire."

"Wachiwiri ndine," anatero mayi Elinata.

Anawaza madzi pansi kuti fumbi lisadzuke. Anaitsitsa osaigwedeza, naigoneka papulasitiki. Mayi Elinata anafuna kuipinda pakati monga mwa masiku onse.

"Ayi. Penti asweka."

Anaikulunga papaipi, pang'onopang'ono, mpaka nkhope ya Maria inabisika. Anakuta zonse ndi pulasitiki, namata tepi. Malaya a a Petulo ndi chitenje cha mayi Elinata anaziviika m'ndowa.

Ataiika m'chipinda chosungira katundu, a Petulo anakhoma, koma mayi Elinata sanachoke pakhomo.

"Nanga ife a zaka zonsezi?"

A Petulo anayang'ana makiyi.

"Malemu akazi anu ankaima pafupi ndi ine," anatero mayi Elinata chapansipansi. "Ndiwo ankakuntha kwambiri. Chifuwa chija..."

"Sindikudziwa."

A Petulo anakoka loko kawiri kuona ngati wagwira.

"Lolemba tipite kuchipatala. Ndidzakutengani panjinga."

"Mubwere m'mawa," anatero mayi Elinata.