Banjo ya Alamu Anga

Mkazi wanga Victoria anagwa akuyanika usipa pathandala. Titabwera naye kuchokera kuchipatala, dzanja lamanja linali litafa, mwendo akuchita kuukoka, mawu atathawa. Adokotala anati ndi sitiroko. Munthu amene ankandikalipira kuyambira tambala woyamba tsopano ankangoti "aa, aa," n'kumandiyang'ana. Akafuna madzi ndinkamupatsa chitenje. Akafuna kuchimbudzi ndinkamupatsa phala. Kenako ankalira.

Mwana wathu Ndaona, amene amakhala ku Blantyre, anaimba foni. "Ababa, simungathe nokha. Amayi abwere kuno. Ndauza kale amalume, iwo ndiwo agamule."

Amalume akewo ndi a Ambrose, achimwene ake a Victoria, eni mbumba. Kuno ku Malindi ine ndine mkamwini. Ngakhale mutu wayera, nkhani ya mkazi wanga yemwe amaidula ndi wina.

Ine ndi a Ambrose tinayambira limodzi sukulu. Tili sitandade 3, mphunzitsi wa nyimbo anayenda pamzere akutchera khutu, n'kuima pa ine. "Dyson, iwe uzingoyendetsa milomo. Mawu ako ndi a chule." Anzanga anaseka, dzinalo linandimata. A Ambrose anawaika kutsogolo. Ine ndinalekera sitandade 4 n'kukwera bwato. Iwo anapitirira. Anakhala injiniya woika mapampu a madzi, kenako mphunzitsi, kenako wakafukufuku, kumakhala kumbuyo kwa makalasi n'kumaonerera mmene ana amaphunzirira kuwerenga. Konseko ankayenda ndi banjo. Yoyamba anaipanga ndi chigubu cha mafuta tili ana.

Anthu akafukufuku ndimawadziwa. Amabwera padoko, kukufunsa kumene chambo chinapita, kulemba, kukujambula, n'kumapita. Chambocho sichibwerera.

A Ambrose anafika Loweruka atanyamula mapaipi ndi banjo. Za Blantyre sanatchule. Anakumba maenje n'kumanga chogwirira cha mapaipi kuchokera pakhonde mpaka kuchimbudzi. Ine mumtima ndinati imeneyi ndi nyambo, mbedza ili m'kati.

Atasamba m'manja anakhala pambali pa mlongo wawo n'kuyamba kukhwacha banjo. Inali nyimbo imene atsikana ankaimba posinja kalekale. Ine ndinali kusoka ukonde, msana nditawalozetsa. Ndinangomva mawu ena akulowa pansi pa banjoyo, osasa, koma mawu enieni, liwu ndi liwu. Anali Victoria. Nyimbo itatha ndinathamangira pomwepo.

"Mayi a Ndaona, tandiitanani!"

"Aa," anatero.

"Sizinafike pamenepo, alamu," anatero a Ambrose. "Kulankhula ndi kuimba siziyenda paipi imodzi. Ina ikatsekeka, inayo nthawi zina imatulutsabe madzi. Ndinaziona pa ana achibwibwi m'masukulu, ndipo ndafunsanso achipatala. Sindikulonjeza kuti zitheka."

"Ndiye mwabwera kudzayeserera pa mkazi wanga? Mukalembe buku?"

"Ndinapuma ntchito. Ndisecheni, ndilibe ndi cholembera chomwe."

Anagwira dzanja lamanzere la Victoria n'kumaligunditsa pabondo pang'onopang'ono, uku akuimba: "Ndi-fu-na ma-dzi." Anabwereza mpaka ine ndinatopa kumva. Mapeto ake Victoria anatsatira kuti "ma-dzi."

"Zimafunika tsiku ndi tsiku," anatero a Ambrose. "Ine ndimakhala kuboma, ndizibwera Loweruka lokha. Masiku enawo muziimba ndinu."

"Ine ndine chule. Mwaiwala?"

"Sindinaiwale. Mphunzitsi uja analakwa. Pophunzitsa aphunzitsi atsopano ndinkayamba ndi nkhani yanu, kuti asadzatseke mwana pakamwa."

"Oo, ndiye mwakhala mukudyera dzina langa!"

Anaseka, kenako nkhope inauma. "Sindikubisirani, alamu. Ndaona abwera mwezi ukatha. Achemwali akadzakhala kuti sangathebe kunena chimene akufuna, ndidzavomera kuti apite."

Mbedza ija ndi imeneyo. Koma anaionetsa poyera, chimene sindinkayembekezera.

Lolemba ndinadikira kuti anthu apite kunyanja ndi kuminda. Ndinagwira dzanja la Victoria n'kutsegula pakamwa. Chimene chinatuluka, nkhuku zinathawa. A Atumani, ogula nsomba oyandikana nafe, anasuzumira pampanda.

"Che Dyson, mbuzi ikubereka kodi? Ndibwere ndi madzi otentha?"

"Pitani mukabere anthu pa sikelo uko!"

Victoria anagwedezeka mapewa. Ndinkaganiza kuti akulira, koma anali kuseka.

Sizinayende bwino masiku onse. Tsiku lina Victoria ankatembenukira kukhoma, osafuna kumva. Tsiku lina liwu limene anagwira dzulo linkasowa. Koma "madzi" anakhazikika, kenako "phala," "kunja," "kuzizira." A Ambrose akabwera ankamvetsera, n'kundiuza kuti ndichepetse liwiro, ndisamamuthandize msanga. Sananenepo kuti ndaphonya nyimbo, ngakhale ndinkaona khutu lawo likuvutika.

Ndaona anabwera ndi galimoto. Asanakhale n'komwe, analongedza zovala za mayi ake m'chikwama. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, achibale ena atabwera, a Atumani ali pampanda ngati kuti akukonza bango.

"Achemwali," anatero a Ambrose, "mwanayu akuti mupite naye ku Blantyre. Inu mukuti bwanji?"

Victoria anatsegula pakamwa. "Aa." Anayesanso. "Aa." Maso anadzaza misozi.

"Mwaona, amalume?" anatero Ndaona, nayenso akulira. "Ababa ayesetsa, koma..."

Banjo inali pomwepo, itatsamira mpando. A Ambrose sanaigwire. Anangondiyang'ana.

Pagulu sindinaimbepo chichokere sitandade 3. Ndinakokera mpando pafupi, ndinagwira dzanja lamanzere lija, n'kuyamba kuligunditsa pabondo. "Mu-pi-ta? Mu-pi-ta?" Mwana wina wachibale anafuna kuseka, mayi ake anamutsina.

Dzanja la Victoria linayamba kugunda lokha, ine ndikungotsatira.

"Si-ndi-pi-ta."

Liwu limenelo palibe anamuphunzitsa. Ndaona anagwada patsogolo pake. "Amayi, chifukwa chiyani? Kwathu kuli chipatala pafupi."

Victoria anatenga nthawi, akufufuza mawu. Kenako anandiloza ndi chibwano.

"Chu-le wa-nga."

A Atumani anaomba m'manja kuseri kwa mpanda. A Ambrose anati mwini nkhani wayankha yekha, iwo alibe chogamula. Ndaona anamasula chikwama, koma anandiuza kuti aziimba foni kawirikawiri, ndipo azifuna kumva mawu a mayi ake, osati anga.

Lero Victoria amafika kuchimbudzi yekha atagwira mapaipi aja. Kukalipa kwabwerera pang'ono, koimba. A Ambrose amabwerabe Loweruka ndi banjo yawo. Akamavula jekete ndimayang'anabe m'thumba ngati muli cholembera. Mpaka pano sindinachione.