Moni wa pa Msewu wa ku Chamboli

Ndinayamba kuthamanga Chichi atakwanitsa zaka zitatu, masiketi anga a ku ofesi atayamba kundikana. M'mawa uliwonse ndinkatuluka m'nyumba yathu ku Kamitondo nditavala chitenje pamwamba pa kabudula wothina, ndipo ndikakhota kuseri kwa msika ndinkachivula n'kuchimanga m'chiuno. Mnzanga wa paulendo anali Folomani, galu amene apongozi anga aamuna anatipatsa. Dzinalo anamutcha ndi iwo omwe, ati chifukwa amangouwa ena akamagwira ntchito.

Atalengeza mpikisano wa makilomita 10, Chichi anandimva ndikuuza bambo ake, Jonah, kuti mamendulo adzalandira anthu 200 oyamba okha.

"Mendulo n'chiyani, amama?"

"Kachitsulo kovala m'khosi."

"Ndikufuna."

"Ndidzakubweretsera," ndinatero, maso ali pa foni. Kuyambira tsiku limenelo ankandifunsa za kachitsulo kake ndikangobwera kothamanga.

Nditaona mapu a mpikisanowo, ndinawayang'ananso kachiwiri. Pa kilomita ya 7 njira inkadutsa ku Chamboli, pakhomo penipeni pa apongozi anga.

A Sakala, apongozi anga aamunawo, kwawo ndi ku Katete. Anagwira ntchito pamgodi zaka 31, kuwerenga amuna olowa ndi otuluka m'chikepe chotsikira pansi. Si ankhanza, koma mkazi wa mwana wawo sawapatsa moni ataimirira. Umavala chitenje, umagwada chapatali, kenako umayankha mafunso. Amafunsa za Jonah, za Chichi, za mayi anga ku Kawama, za mwendo wa amalume, za denga lathu lodontha. Moni wawo sunatherepo pansi pa mphindi 15.

"Usadandaule," anatero Jonah. "Loweruka m'mawa atate amakhala kumsonkhano wa abambo kutchalitchi. Sanajombepo."

Popeza iye anali pa ntchito tsikulo, Lachisanu tinakasiya Chichi ndi galu kwa agogo ake. Loweruka chitenje ndinachisiya m'chikwama poyambira mpikisano.

Makilomita asanu ndi limodzi anayenda bwino. Ndinapitirira azimayi awiri a kubanki ndi mnyamata wina amene anayamba ngati akuthamangitsidwa ndi apolisi. Titalowa m'Chamboli ndinaona mpando wamatabwa m'mbali mwa msewu. Pampandopo panali a Sakala, atavala jekete la ku tchalitchi, Chichi ali pamiyendo pawo. Amayi Edna, apongozi aakazi, anali ataimirira kumbuyo, chingwe cha Folomani chili m'manja.

Ndinabisala kuseri kwa bambo wina wamtali, wamimba yake, ndipo ndinayesa kuponda pamene iye akuponda. Anthu ndikanawapusitsa. Folomani anangokweza mphuno, anatsomphola chingwe m'manja mwa amayi, n'kudutsa pakati pa miyendo ya othamanga mpaka kudzandilumphira pachifuwa.

"Ba shikulu, amama aja," Chichi anawauza agogo ake, chala atandiloza. "Avala kabudula."

Ndinaima. Amayi Edna anasendera pafupi. Anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundiponyera, ine n'kudzikulunga, n'kugwada pamiyala m'mbali mwa phula, thukuta likudontha kuchibwano. Mayi wina wothamanga anachepetsa liwiro n'kundifunsa m'Chibemba ngati ndakomoka.

"Mwauka bwanji, atate?"

"Tauka, amake Chichi. 161. Kaya inu? 162, 163."

Sankandiyang'ana. Maso awo anali pamsewu, chala chikugogoda pabondo munthu aliyense akadutsa.

"Tauka bwino, atate. Ndimayesa muli kumsonkhano."

"Ndikanapita bwanji, mwana uyu atandiuza usiku wonse za kachitsulo kake? Jonah akuti tizitsuloto tilipo 200 basi. Amene adutsa pano ndi 166." Anatembenukira kwa Folomani, ngati akuuza iye. "Nanga anthu ena akufuna mwana alire pakhomo panga?"

"Iyayi, atate."

"Ndiye moni wotsalawo tidzamaliza masana. Nyamukani. 169."

Mawondo anga anali ataganiza kuti ntchito yatha. Amayi Edna anandigwira m'khwapa n'kundidzutsa ngati thumba la makala, ndipo anandinong'oneza kuti ndichikwinye chitenjecho kufika m'mawondo, atate ayang'ana kumbali. Anayang'anadi kumbali, koma ndinawamva akupitiriza kuwerenga.

Makilomita atatu otsalawo ndinathamanga ndi chitenje cha chigwirizano cha amayi a Katolika, chingwe cha galu chikukwekwereka pambali panga. Folomani anauwa aliyense wofuna kundipitirira, ndipo ena anaganizadi kawiri. Pomaliza, mtsikana wogawa mamendulo anachita kupisa dzanja pansi pa katoni kuti apeze yanga. Folomani sanalandire kanthu, koma anamwa m'beseni la madzi a othamanga asanamuthamangitse.

Masana ndinabwerera ku Chamboli ndi Folomani, nditasamba, nditavala chitenje changa. Chichi analandira menduloyo ndi manja awiri monga tinamuphunzitsira. Anaiyang'ana uku ndi uku, anainyambita, kenako anakaiveka Folomani, amene anali atagona pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Iyeyu ndiye anathamanga kwambiri," anatero. "Ali ndi miyendo inayi."

A Sakala anavomereza ndi mutu. Anakonza jekete lawo, anakhala bwino pampando, ndipo anadikira mpaka mawondo anga otupa atafika pansi.

"Tsopano, amake Chichi," anatero. "Mayi anu ku Kawama ali bwanji?"