Mapichesi a Mkamwini

Tito anali atakweza kale nkhwangwa pamene njinga yamoto ya alamu ake, a Benedito, inaima m'mphepete mwa munda.

"Alamu, nkhuni zatha kodi kuti mufike podula mitengo yobereka?"

"Ndi yanga. Ndinabzala ndekha," anatero Tito osacheuka.

Sankanama. Atachoka kwawo ku Furancungo kudzakhala chikamwini ku Ntengo-Wambalame, abale a mkazi wake Zaida anamulozera munda umenewu. Akamwini anzake ankabzala chimanga ndi mbatatesi, zokolola n'kuiwala. Iye ndi liuma lakelo anabzala mapichesi, ngakhale anthu anamuchenjeza kuti tsiku lochoka sadzawasenza. Tsopano Zaida anali atamwalira, akuchikazi atamusudzula mwamwambo, ndipo m'mawa mwake anali woti akwere shapa, minibasi ya kumeneko, kubwerera kwawo. Mtima unkamuwawa kwambiri poganiza kuti zipatso zake azidya anthu amene sanathirepo ngakhale chidebe chimodzi cha madzi.

"Mitengo ndi yanu, sitikukana," anatero a Benedito. "Koma dothi ndi lathu. Ngati ingakwane mu shapa, pronto, zulani muzipita nayo."

"Ndiye ndidula. Mutsale ndi dothi lanulo."

Apa n'kuti Celeste, mwana wamkazi wa Tito, atatula dengu limene ankagulitsira mapichesi kumsika wa Tsangano. Sanalire, sanakuwe.

"Bambo, dulani, koma muyambe mwapatula. Uwu mwauimirirawu munati ndi wanga, ndili wamng'ono, pofuna kuti ndiziuthirira. Wa pachuluwo munati ndi wa amayi, poti ankapumulira pamenepo. Iwiri ya kumunsiyo munapatsa adzukulu anu tsiku la ubatizo. Dulani yanu yokhayo."

Tito anamwaza maso m'munda monse. Mtengo uliwonse unali ndi dzina la munthu, ndipo anautcha ndi pakamwa pake iye mwini. Anafufuza umene sanapatse aliyense, koma sanaupeze. Manyazi anamugwira, chisoni n'kubwera pambuyo.

Anatsitsa nkhwangwa n'kuipereka kwa Celeste.

"Wa amayi akowo uziutengulira chilimwe chisanathe. Umachita nthambi zambiri."

Kenako anawerama pansi pa mtengo wa pachulu uja, n'kuyamba kutola mapichesi ogwa okha. Ankawafinya, kuchotsa nthanga, kuzipukuta pa buluku ndi kuziponya m'thumba la jekete.

A Benedito anamufunsa, mawu awo atafewa.

"Nanga ku Furancungo mukabzala m'dothi la yani, alamu?"

"La mlongo wanga."

"Ndiye simunaphunzirepo kanthu."

"Ayi ndithu," anatero Tito, akutola nthanga ina.