Zimene Heidrun Ankanena Kuseri kwa Galasi

"Musapumirepo," anatero Eckhart osatembenuka, ndipo ana ake awiri, anthu oti imvi zayamba kale, anagwira mpweya ngati ana a sukulu. Pa kampaniro kake panali kachikopa ka golide, kopyapyala moti mpweya wa munthu ungakawononge. Anakakhazika m'mutu mwa maikolofoni, namanga timisomali take, kenaka manja ake anangoti zii pa thebulo. Ntchito inali itatha, koma woiyesa anali ataikidwa m'manda Lachisanu.

Maikolofoni a Eckhart Rödel amaimbirapo anthu m'masitudiyo akutali, koma palibe ndi imodzi yomwe inatuluka m'nyumba muno isanamve liwu la mkazi wake. Heidrun ankakhala m'kachipinda kokutidwa ndi siponji, kuseri kwa galasi, n'kumalankhula. Mwamuna wake ankakhala kunja kuno atavala zomvera m'makutu, atatsinzina. Makina oyesera anali nawo, koma ankawakhulupirira monga timakhulupirira olosera zanyengo.

"Yatha, Bambo, tsekani basi," anatero Ronny, mwana wamwamuna. "Chipinda chanu ndakonza kale ku Leipzig. Mukhala ndi ndani kuno? Zitsulozi zikuphikirani?"

"Amayi ako sanaiyese."

"Ndiye ikani tepi yawo muyesere, tizipita."

"Tepi iti?"

Kerstin, mlongo wake wa Ronny, anatsitsa mbale ya keke yotsala pamaliro. "Mukutanthauza kuti simunawajambulepo? Zaka zonsezi?"

"Ndikanajambuliranji munthu woti ali pompo?"

"Woumba mbiya aphikira m'phale," Ronny anaseka, koma kuseka kwake kunathera pakhosi.

Kunja chipale chofewa chinkagwa mwaulesi, ndipo kuwala kwa masana kunalowa pazenera kotuwa ngati mkaka. Eckhart anakhala akuyang'ana kampando kopanda munthu kuseri kwa galasi. Chisoni chinali chitamuchepetsa, jekete la maliro likumukulira m'mapewa.

"Chiyambire Lachisanu ndikumawamva," anatero motsitsa. "M'mapaipi amadzi, pamasitepe, ngakhale ketulo ikamawira. Liwu lenilenilo, kapumidwe kawo, kamluzu kaja ka dzino lakutsogolo. Koma zimene akunena sindikuzigwira. Ine muja ndinkamvera maikolofoni, ana inu, osati nkhani. Ankanena chiyani amayi anu?"

Ronny anayang'ana pansi. Kerstin ndiye ankadziwa, poti ali mwana ankakonda kubisala m'kachipindamo kukazizira.

"Ankakunenani, Bambo. Ati masokosi mumavula ngati njoka yofundula. Ati munawalonjeza ulendo wa kunyanja chaka chimene khoma logawa dziko lathu linagwa, mpaka lero akupakirabe chikwama. Nthawi zina ankakufunsirani ukwati kachiwiri, inu n'kuyankha kuti, 'Mawu apansi achuluka.' Ankaseka mpaka misozi."

Eckhart anamwetulira pang'ono. "Sanali kukwiya?"

"Ankati m'nyumba monse muno, kachipinda kaja ndi malo okhawo amene mumawamvetsera mutatseka pakamwa."

"Basi, zakwana," anatero Ronny. "Iwe Kerstin, zinazo zisiye."

"Zinazo ziti?" Eckhart anatembenuza mpando. "Mwandibisira chiyani?"

Kerstin anapukuta manja pa siketi ngakhale anali ouma. "Amayi anandiuza okha kuchipatala, ndipo sananene kuti ndibise. Za matenda aja, inu mukudziwa kuti anakuuzani kukhitchini Khirisimasi itapita. Koma anayamba kukuuzirani m'kachipinda muja, masamba akuyoyoka, tsiku lomwe anachokera kwa dokotala. Anakhala pakampando n'kunena kuti, 'Eckhart, andipeza ndi chotupa. Ati chilimwe sindichiona.'"

Eckhart anamuyang'anitsitsa mwana wakeyo.

"Ine ndinati chiyani?"

"Bambo..."

"Ndinati chiyani, mwanawe?"

"Munati, 'Bwerezanso, sendera pafupi.'"

Eckhart anatseka maso. Tsikulo ankalikumbuka bwino. Inali maikolofoni yopita ku Oslo, yokoma kuposa zonse za chaka chimenecho, ndipo liwu la Heidrun linatulukamo lofunda, lonjenjemera pang'ono m'mphepete, moti iye ananyadira kuti kachikopa kake kagwira ngakhale kunjenjemerako. Manyazi ndi chisoni zinamugwira pamodzi, mpaka anagwirira thebulo.

"Anatuluka akulira?"

"Ayi. Anasendeza kampando, nabwereza bwinobwino, liwu ndi liwu, monga munawauzira. Ati nkhope yanu inawala ngati ya mwana, ndiye akanayambira pati kuizimitsa? Inu munakweza chala chachikulu pagalasi."

"Nanga iwo?"

Kerstin anatsegula chitseko cholemera cha kachipinda kaja, nakhala pakampando ka amayi ake. Kuseri kwa galasi anaweramitsa mutu cham'mbali, namwetulira, kenaka anakweza chala chake chachikulu pang'onopang'ono.