Mthuthuthu wa a Kapitawo

Pa esiteti yathu palibe ankadandaula ndi phokoso la mthuthuthu wa a Blackson. Anthu a m'mbali mwa msewu ndiwo ankatukwana kuti ukudzutsa makanda ndi kubalalitsa nkhuku, koma ife otchola tiyi tinkaukonda kwabasi. A Blackson ndi kapitawo wathu. Njinga yawoyo inkayamba kumveka ikadali pa mlatho wa matabwa kumunsi kwa chitunda, ndipo isanafike m'munda munthu unkatha kumeza chinangwa, kumaliza miseche, kubereka dengu, n'kuyamba kutchola ndi nkhope ya munthu amene sanakhalepo pansi chibadwire.

Anaigula yatsopano ku Limbe, pa sitolo ina ya magalasi akuluakulu, koma sabata isanathe inali itayamba kale kubangula. Tinkawaseka kumbali kuti anthu a m'tauni awagulitsa chigayo cha matayala awiri.

Ndiye tsiku lina inangokana kulira. Anaiponda mpaka nsapato kusomoka, anaikankha, anaitsetsereketsa pa chitunda, koma zii. Anaikweza pa lole n'kupita nayo komwe anaigula, ati kumeneko ndiye kuli amakaniko enieni, ovala yunifolomu yolembedwa dzina pachifuwa. Anawauza kuti abwere Lachisanu. Sanawauze kuti Lachisanu lake ndi la mwezi uti.

Mavuto athu anayambira pamenepo. Kapitawo woyenda pansi ndi chinthu choopsa, ndikukuuzani ine Salome amene ndakalambira m'mizere ya tiyi. Njira za m'munda n'zofewa, phazi silimveka, umangotembenuka uyu ali apa. Chodabwitsa n'chakuti masiku omwewo a Blackson anayamba chifuwa chachilendo. Ankabwera akutsokomola ngati galu wotsamwa fupa, pena akuimba nyimbo za kutchalitchi mokweza ndi mawu awo osweka aja. Koma kuno mphepo imachokera kuphiri n'kukataya mawu kwina, choncho tinkawamva atafika kale. Ine mpaka ndinawapititsira mandimu ndi jinja, chisoni chitandigwira.

Amene zinamuthina kwambiri ndi Sellah, mnzanga wa mzere woyandikana ndi wanga. Sellah ali ndi mapasa amene amalira mosinthana mpaka kucha, ndipo mwamuna wake anapita ku Joni komwe foni yake inasiya kupezeka. Manja ake ndi achangu, dengu lake limadzaza langa likadali pakati, koma dzuwa likafika paliwombo maso ake amatsekeka okha. Kale ankangodzipinda pang'ono pansi pa tiyi, mthuthuthu n'kumudzutsa nthawi yabwino.

Koyamba a Blackson anapunthwa pa miyendo yake n'kugwera m'tiyi chamutu, kalaliki wa pa sikelo ali pambuyo pawo akuona zonse. Kachiwiri Sellah anachenjera, anadzifunditsa thumba. Kalaliki yemweyo anafika atatopa n'kulikhalira poyesa ndi masamba, thumbalo n'kukuwa kuti mayo ine. Machenjezo awiri amenewo. Chenjezo lachitatu ndiye kuti ntchito yatha, ndipo ntchito ikatha nyumba ya kampani umaisiyanso. Sellah ndi mapasa ake analibe kolowera.

Kuyambira pamenepo gulu lonse linayamba kufunsa za njingayo ngati m'bale wogonekedwa m'chipatala.

"Mwadzuka bwanji, a kapitawo? Nanga odwala aja ku Limbe?"

"Ati sipeya yake ikadali pa doko ku Beira."

Sabata inayo tinafunsanso.

"Sipeya ija yafika, koma ati yafika ya njinga ya mtundu wina."

Kenako anati wosunga kiyi wa sitolo wapita kumaliro. Kenako kompyuta yawo inadwala. Kenako makaniko amene anaimasula anakalowa ntchito kwina, ndipo otsalawo sankadziwa komwe anaika mabawuti. Mvula inatha, chiperoni chinabwera n'kupita, a Blackson akungothera ndalama m'maminibasi n'kumabwerako ndi Lachisanu latsopano. Titawauza kuti pa Luchenza pali amakaniko, anakana kwamtuwagalu. Ati njinga ya m'magalasi singakagonekedwe pansi pa mtengo wa mango.

Mwamuna akauma mutu chotero umalowera kukhitchini. Ndinapita kwa akazi awo, mayi Margret, amene timaimbira limodzi ku Mvano. Mayi Margret ndi munthu wosabwerera pa msika popanda basela. Akagula tomato amafuna basela, akagula mchere amafuna basela, ndipo anthu amati tsiku lina atabayitsa jakisoni anafunsa namwino ngati sangawonjezereko pang'ono. Ndinawapeza atakwiya kale.

"Mayi Salome, bambo anuwa afika pondikwana," anatero. "Madzulo aliwonse ndiziwathowa mapazi ngati ndinakwatiwa ndi mtengatenga? Nthochi zanga zikupsera m'nyumba, chopitira nazo pa Luchenza palibe. Loweruka tikaitenge ifeyo, akadzadziwa adzadziwa."

Za Sellah sindinawauze. Mkazi wa kapitawo ndi mkazi wa kapitawo basi, ngakhale muziimbira m'buku limodzi.

Ku Limbe tinalandiridwa ndi mnyamata wa tayi, wonunkhira mafuta, amene anatiuza mwaulemu wonse kuti njinga yathu ili m'manja abwino. Mayi Margret anati akufuna awaone manjawo. Tinaipeza kuseri, pafupi ndi chimbudzi. Mlonda anali atayanikapo masokosi ake, akangaude atamanga mudzi m'masipoko. Hutala panalibe, ati anabwerekako kuti ayesere pa njinga ina ndiye njingayo inapita nayo. Galasi lake limodzi tinaliona pa tebulo la mtsikana wolandira alendo, akudziyang'anirapo nsidze.

"Tikuitenga," anatero mayi Margret.

"Sizingatheke, mayi. Abwana amene amasayinira katundu wotuluka ali ku msonkhano. Mubwere Lachisanu."

Mayi Margret sanakangane naye. Anabwerera m'chipinda cha magalasi chija, pakati penipeni pa njinga zatsopano zonyezimira, anayala chitenje pa matailosi n'kukhala mwendo tambasu. Anamasula kaphukusi ka kalongonda ndi makaka n'kundiitana kuti tidye. Aliyense wolowa kudzagula njinga ankamupatsa moni wa bwino, n'kumulangiza kuti akagula ayambe watsanzikana nayo. Ankawalondoleranso njira ya kuseri kuti akaone masokosi. Tisanamalize kalongonda, abwana aja anatulukira m'chipinda cha pambali, msonkhano utatha mwadzidzidzi, ndipo anyamata a yunifolomu anatinyamulira okha njingayo mpaka pa lole. Galasi lija mayi Margret anachita kulitsomphola pa tebulo potuluka.

Pa Luchenza tinaitsitsira kwa a Malizani, pansi pa mtengo wa mango womwe a Blackson ankaunyoza uja. A Malizani ntchito amaitha, koma pakamwa pawo sipapuma. Asanaigwire n'komwe anatiuza kuti anakonzapo njinga ya wansembe imene inagwera mu mtsinje, kuti anthu amachokera ku Mozambique kudzawafuna, ndiponso kuti injini ikamva fungo lawo imayamba yokha kulapa. Anaizungulira, anaigogoda, anatukwana anthu a ku Limbe ndi makolo awo omwe, n'kunena kuti Lolemba m'mawa mwini wake adzaitenge. Hutala anati alibe, adzaika ikadzapezeka.

Mtengo wa ntchitoyo anagwirizana ndi mayi Margret. Tikutembenuka kuti tizipita, mayi Margret anaima.

"Nanga basela, a Malizani?"

"Basela pa njinga, mayi?"

"Eya. Takuchotserani kasitomala m'magalasi kubwera naye pa fumbi pano, ndiye tingopita chimanjamanja?"

A Malizani anaseka mpaka kugwira bondo. Anaiyang'ananso njingayo, anawerama chakumbuyo kwake, n'kudzuka maso akuwala.

"Pitani, mayi. Basela mudzamuona. Amuna anu adzandithokoza mpaka kukalamba."

Ine ndinaganiza kuti mwina aitsuka.

Lolemba m'munda munali chisangalalo ngati tsiku la malipiro. Uthenga unali utafika kwa aliyense kuti a Blackson alawirira ku Luchenza pa kabaza ndipo abwera pa mthuthuthu wawo. Tinatchola ndi mphamvu m'mawa wonse, ndipo dzuwa litakwera tinatula madengu. Wina anatulutsa mbatata, wina anayamba kuluka mnzake tsitsi. Sellah anayasamula, anandiyang'ana ndi maso oyamika, n'kugona chagada m'njira mwenimweni, mutu atatsamira dengu. Anali asanagone mwamtendere chotero kwa miyezi.

Ine ndinali nditatchera khutu ku mlatho. Kunali zii, kupatula mbalame ndi mkonono wa Sellah. Kenako ndinamva kaphokoso kachilendo, kapansipansi, ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Ndinadzutsa mutu. Mthuthuthu unali pafupi moti ukanatha kuuponya mwala, ukubwera mosalala, injini yake ikungonong'ona. Basela wa a Malizani anali ameneyo. Anapeza bowo pa paipi ya utsi n'kuliwotcherera bwinobwino.

Ndipo kaphokoso kaja sikanali ka njinga. Anali a Blackson. Bambo wamkulu, wa ana akuluakulu, dikoni wa mpingo, ankabwera akulira ndi pakamwa m'kati mwa chisoti, "Thuthuthuthu! Bvuuu! Thuthuthu!" mitsempha ya pakhosi ili tololo.

Anaima tayala litatsala pang'ono kugunda phazi la Sellah. Tonse tinauma pomwe tinali, wa mbatata mbatata ili pakamwa, woluka tsitsi lili m'manja. Chapatali, kalaliki uja ankatsika kuchokera ku shedi ya sikelo. M'maganizo ndinaona mapasa aja ali pa msewu ndi mitolo, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga.

A Blackson sanakweze galasi la chisoti. Anatembenuzira mutu uku ndi uku ngati munthu wakhungu, n'kulankhula mokweza kuti ndi kalaliki yemwe amve.

"Asa! Chisoti ichi chachita nthunzi, sindikuona kalikonse. Ndafika pati pano? Kuli munthu kuno? Mayi Salome, ngati mulipo, tazulani msomali uja mumakolekapo zakudya pa bulugamu, munditsatire ku mlatho. Njingayi yabwera ndi vuto lalikulu."

Anaitembenuza n'kutsetsereka. Ndinazula msomaliwo n'kuthamangira kumunsi, dengu ndikulisiya pomwepo.

Ndinawapeza atavula chisoti, thukuta lili kamukamu, atagwada kumbuyo kwa njinga ndi mwala m'manja. Anandiuza kuti ndiigwire isagwe. Anaika msomali pamalo pomwe a Malizani anawotcherera mwaluso paja n'kuyamba kukhoma.

"A kapitawo, mukuwononga basela wa akazi anu," ndinatero.

"Basela wa chiyani! Munthu uja wandiyimika pa Luchenza kundifotokozera za bowo limeneli ngati wapulumutsa mwana m'chitsime. Ati anthu a ku Limbe ndi mbuli, anandigulitsa njinga yobooka. Ine kumangovomera kuti zikomo, zikomo. Hutala palibe. Njira yonse ndayang'ana msomali, esiteti yonseyi yopanda ndi umodzi womwe. Pakhosi panga pano pali moto."

"Ndiye kuti bowo lija..."

"Ndinaboola ndekha, sabata yomwe ndinaigula." Anapukuta nkhope ndi mkono. "Mayi Salome, chimene maso anga aona pamaso pa kalaliki ndiyenera kulemba, apo ayi wolembedwa ndine. Ndiye ndimayesetsa kuti ndisaone. Mayi anga anatchola tiyi m'munda womwewu ine ndili kumsana, dengu lili kutsogolo. Kapitawo wa nthawi imeneyo ankavala nsapato zofewa."

Ndinakumbuka chifuwa chija, nyimbo zosweka zija, ndi mandimu anga amene analandira ndi manja awiri osanena kanthu. Manyazi ndi chimwemwe zinandigwira nthawi imodzi, moti ndinangoti, "Khomani pambali pakepo, apo pakuoneka polimba."

Msomali unalowa. Anaugwedeza kuti bowo likule, anabooleranso lina pafupi, ati limenelo ndi basela wawo. Atakwera n'kuiponda, mlatho wonse unanjenjemera, akhwangwala anabalalika m'mabulugamu, ndipo kumudzi kwa tsidya mayi wina anayamba kutukwana.

"Izi ndiye njinga," anakuwa a Blackson. "Inu tsogolani. Ine ndiyamba ndaiyesa kaye pompano, ndione ngati yachira."

Ndinakwera chitunda mwakachetechete, phokoso likundiperekeza kumsana. Nditafika ndinapeza madengu onse ali kumsana, mitu yonse ili pansi, wolukidwa uja tsitsi lili theka. Kalaliki anali ataima pambali akuyang'ana uku ndi uku, osapeza cholakwa. Sellah anali pakati pa mzere wake, manja akuthamanga pa masamba, tsaya limodzi lili ndi zidindo za dengu.

"Mwamva, achemwali?" anandinong'oneza, akumwetulira mpaka m'makutu. "A Malizani ndi makaniko ndithu. Ikulira kuposa kale."

Ndinabereka dengu langa n'kumuuza kuti inde, Loweruka tikawapititsire nthochi.