Chinsalu Choyang'ana Kukhoma

Bambo anga anali wojambula zithunzi ndi penti, ndipo sankataya chinsalu. Munthu akawauza kuti amujambule koma osabwera kudzatenga chithunzi chake, ankadikira pang'ono kenako n'kupakapo penti ina pamwamba. Pansi pa mvuu ina pali mkwatibwi amene ukwati wake unatha penti isanaume. Pansi pa phiri lina pali abusa. Akamanena zimenezi ankaseka okha, amvekere, "Wosafunika timamukwirira ndi nyama."

Ine anayamba kundijambula ndili chaka chachiwiri kukoleji. Pachithunzipo anandiveka gauni ndi chipewa cha omaliza maphunziro, ati penti imachedwa kuuma, bola kuyambiratu. Chaka chomwecho ndinasiya sukulu. Sanandikalipire. Anangotembenuza chinsalucho kuti chiyang'ane kukhoma, ndipo mpaka tsiku limene anamwalira sitinakambepo za icho.

Mwini nyumba atafuna chipinda chimene bambo ankagwiriramo ntchito, ine ndi achemwali anga aakulu tinapita kukalongedza. Munkanunkhabe penti. Mabulashi anali ataumira m'chitini, malaya awo ogwirira ntchito ali pamsomali kuseri kwa chitseko. Achemwali ankatembenuza zithunzi chimodzichimodzi n'kumaitana ngati aphunzitsi m'kalasi.

"Njovu. Njovu inanso. Dzuwa likulowa. Mbidzi. Mbidzi. Koma mkulu ameneyu ndi mbidzi anapanganapo chiyani?"

Changa ndinachizindikira kumbuyo kwake. Chinsalucho ndinachikhomera ndekha pamatabwa, ndipo misomali yanga inali yokhotakhota. Chinali pakona, kuseri kwa tebulo. M'mawa wonse ndinkachilambalala, ndikusesa pamalo amene ndasesa kale.

Ndinkaopa zinthu ziwiri. Ndikapezapo gauni, ndiye kuti bambo anapita akudikirabe mwana amene sanabwere. Ndikapezapo nyama, ndiye kuti ine ndi mkwatibwi uja tinali amodzi.

"Pulofesa, bweretsa icho," anatero achemwali. Dzina limeneli anandipatsa nditangoyamba koleji, ndipo nditasiya sukulu iwo sanalisiye.

"Chisiyeni, achemwali. N'chakale."

"Nanga zinazi n'zadzulo? Bweretsa."

"Mwina pali fisi."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kutsamiritsa mbidzi imene ananyamula pamwendo wa tebulo. Nkhani ya gauni ankaidziwa.

"Akakhala fisi timusunga," anatero. "Akhala fisi wa m'banja mwathu. Choka apo."

Anachikoka okha, n'kupukuta ulusi wa kangaude ndi dzanja, n'kuchitembenuza. Ine ndinali ndikuyang'ana malaya apamsomali aja.

"Iwe, taona kuno."

Nkhope inali yanga. Gauni panalibe. M'malo mwake bambo anandiveka juzi yanga yofiira, yobooka pachigongono, imene ndinkavala tsiku ndi tsiku nditabwerera kunyumba, ndikungokhala pakhonde osachita kanthu. Amayi ankafuna kuiotcha juzi imeneyo. Bowolo bambo analijambula mosamala, ulusi wosomoka uliwonse pamalo pake, ngakhale kachigamba kamene ndinayesa kusoka ndekha n'kulephera. Kuti munthu ajambule choncho ayenera kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Windo la chipindacho limayang'ana pakhonde pa nyumba imene tinkakhalamo nthawi imeneyo. Miyezi yonse ija ine ndinkati sakufuna n'kundiona komwe.

Ndinakhala pachitini cha penti. Koyamba chimwalirireni bambo, ndinapuma mpaka m'mimba.

Chipewa chija anachikwirira ndi mtambo, koma ngodya imodzi inakana. Ukapendeketsa mutu inkaonekabe pansi pa penti yoyera. Achemwali anaiona, n'kuiloza ndi chala.

"Digiri yako ndi imeneyo, Pulofesa. Ili m'mitambo."

Ndinaseka, mamina ndi misozi pamodzi. Iwonso maso anali atafiira, koma anabwerera m'mbuyo n'kumayang'ana ine, kenako chithunzi, kenako ine.

"Ndipo makutu anakuchepetsa," anatero. "Ankakukondera mkulu ameneyu. Ine anandijambula mphuno yonse, osachotsako ngakhale pang'ono."

Galimoto yonyamula katundu itabwera, njovu ndi mbidzi zinakwera kumbuyo, titazimanga ndi chingwe. Woyendetsa anatambasula dzanja kuti alandire changacho.

"Ichi ayi, achimwene," ndinatero. "Ndiyenda nacho."

Ndinachinyamula mumsewu nkhope ikuyang'ana kwa anthu. Mayi wina wogulitsa pakona anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana ine, n'kundifunsa ngati juziyo ndikadali nayo. Ndinamuuza kuti ili kunyumba.