Nyemba za m'Chikhatho

Eunice anakwezanso foni pamwamba pa nyembazo. Inajambula. Kenako inalemba zomwe inalemba dzulo: Sindikudziwa.

"Yakananso?" anafunsa Rodwell, mchimwene wake, ali chiimire pakhomo.

"Yakana."

Linali tsiku lachisanu chiikireni m'manda bambo awo, a Arthur Sichinga. Eunice anachoka ku Blantyre ndi zovala za masiku atatu. Mvula inakokolola mlatho wa pamsewu wopita ku Boma. Ngakhale njinga zamoto sizinkawoloka. Mudzi wa kwawo, Chisenga, unamutsekera.

Vuto linali m'dengu. Kwa zaka makumi atatu malemu ankasunga mbewu ya nyemba m'mabotolo, mtundu uliwonse paokha, mitundu khumi ndi inayi. Mayina sankalemba. Tsiku la maliro amayi ophikira alendo anawapeza mabotolowo, n'kukhuthulira zonse pamodzi. Mkazi wa malemu, a Lines, anamva kuwayawaya kwa nyemba. Anakuwa. Zinapulumuka ku mphika, koma zinali zitasakanikirana kale.

A Lines akanazisankha okha. Koma maso awo anachita ng'ala kalekale.

Chiyembekezo chinatsala mufoni. Zaka zitatu zapitazo ophunzira ena a zaulimi anawasiyira malemu foniyo. Mkati mwake munali pulogalamu yophunzira poona. Umaionetsa nyemba, n'kuiuza dzina. Mawa chimodzimodzi. Ikaona kambirimbiri, imapeza yokha chosiyanitsa mtundu ndi unzake.

"Mayina ikuwadziwa, inde," anatero Rodwell. "Inenso ndikuwadziwa. Masusu. Kamtauzgeni. Koma ndiuze kuti ndikulozere, ndiloza mwala. Ine ndi foniyo tili kalasi imodzi."

"Kwa adada inkagwira."

"Adada kulibe. Mlatho ukakonzedwa, dengulo ndipatsa ogula a ku Tanzania. Amama ndipita nawo ku Boma. Akhalira chiyani kuno opanda mbewu?"

"Mukundikamba ngati thumba la makala," anatero a Lines ali pamphasa. "Ndili pompano."

"Pepani, Amama. Koma mitundu yosakaniza sicha pamodzi. Ina ikuyanga, ina yauma kale. Mukudziwa."

A Lines ankadziwa.

Rodwell anatuluka. Eunice anayesanso. Papepala loyera. Pathebulo. Pachitenje. Pakhonde, powala. Sindikudziwa, sindikudziwa. Anayang'ana kumapiri. Mitambo inali itatsika mpaka kumunsi. Tchuthi chake chinkatha Lolemba.

Atatopa, anatsegula zithunzi zomwe bambo ake ankaphunzitsira foniyo. Zinali zoposa zikwi ziwiri. Anapita nazo m'munsi ndi chala. Nyemba zofiira, zachikasu, zamawangamawanga. Panalibe ndi chimodzi chomwe chojambulidwa pathebulo. Nyemba iliyonse inali m'chikhatho. Chikhatho chake chimodzimodzi, chaching'ono, cha chipsera choyera kunsi kwa chala chachikulu.

"Amama, dzanja la m'zithunzimu ndi landani?"

"Ukufunsa ine wosaona?"

"Lili ndi chipsera."

"Ndi langa. Chikwakwa chimenecho. Chaka chomwe unabadwa."

Eunice anagwada pamphasa. Anatambasula dzanja la mayi ake, n'kuikamo nyemba imodzi yachikasu. Anajambula.

"Masusu," anawerenga.

A Lines anaigudubuza nyembayo ndi chala. "Ndi iyeyo."

Eunice anaikamo ina. Foni inatchula. Inanso, inatchula. Anaitana Rodwell.

"Sinaonepo nyemba popanda dzanja ili," anatero Eunice. "Kwa iyo, dzanjali ndi mbali ya nyemba. Ukalichotsa, dzina lilibe pogwira."

Rodwell anayang'ana dzanjalo. Anayang'ana dengu.

"Imodziimodzi? Ndi masabata atatu amenewo. Ine Lolemba ndikufunika kuntchito. Wogwira foni ndani?"

Padenga lamalata mvula inayambanso.

"Anyamata akuti mlatho utheka Lachisanu," anawonjezera Rodwell, akuyang'ana mlongo wake. "Ukaphonya galimoto ya tsiku limenelo, usadzandinene."

Eunice anaganiza za chipinda chake ku Blantyre. Za basi ya ku Karonga. Za msewu wathyathyathya wopanda matope. Miyendo inkamuyabwa. Anadzuka, analowa kuchipinda kwa malemu. Anabwerako ndi mabotolo opanda kanthu, n'kuwandandalika pamphasa.

"Bwanji adada sankangoika pathebulo?" anafunsa.

"Thebulo likanatha ndithu," anatero a Lines. "Silinjenjemera. Koma maso atangofa ndinasiya kutuluka. Ndinkangokhala kukhoma uko. Ndiye masana alionse ankabwera. Ati, Lines, dzuka, ntchito yaima, ndilibe wondigwirira mbewu." Anaseka pang'ono. "Bodza lake losabisika. Ndinkangodzuka."

Rodwell anatembenukira kukhomo.

Eunice anatola nyemba ina. Dzanja la mayi ake linkanjenjemera, chithunzi chinatuluka mbuu. Anajambulanso. Mbuu.

"Si choncho," anatero a Lines. "Dzanja lako linalo lili kuti? Ika kunsi kwa langali."

Eunice anabwerera ku zithunzi zija. Anakulitsa chimodzi. M'mphepete mwa chikhathocho munali nsonga ya chala china, chachikulu, cha chikhadabo chong'ambika. Chala cha bambo ake. Chinalipo pa chithunzi chotsatira. Ndi chotsatiranso.

Anaika dzanja lake pomwepo. La mayi ake linadekha.

"Tiye," anatero a Lines. "Tchula."